Mizu Imene Bambo Anandisiyira

Malume ndi amene anandizulira katsitsumzukwa wanga. Dzulo nditaona katsitsumzukwa wina akugulitsidwa m'mitolo ngati ndiwo pamsika wa Zomba, khosi linayambanso kundiwawa ngati ndasenza ndowa.

Mizu yake anabwera nayo ndi bambo, kuchokera kutauni komwe ankagwira ntchito yosamalira dimba. Tinaikwirira limodzi kuseri kwa nyumba. Anati, "Usadzadule mpaka chaka chachitatu, wamva?" Chakacho iwo sanachione.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chitsime chathu n'chamchere, ndiye madzi othirira ndinkakatunga kumjigo wakutali, maulendo anayi patsiku, mchenga ukuwotcha mapazi. Anzanga akupita ku Kachulu kukakoka matemba ankandiseka kuti ndikulera tsache.

Chisanu chachiwiri chitafika, masamba anachita chikasu n'kuuma. Bambo anali atandiuza kuti akatero ndiye kuti akupuma, ndisiye kuthirira. Ndinasiyadi.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinamva fungo la dothi logaula kumene. Mizu inali itaunjikidwa pambali, yoyera ngati zala, mbuzi ikuinunkhiza. Malume anali atatsamira khasu.

"Tchire lako lija linafa, mphwanga. Pano tifesapo mpiru, ndiwo zodya anthu."

Ndinatola muzu umodzi n'kuuthyola. Mkati munali monyowa. Ndinawaloza nawo pafupi ndi mphuno.

"Taonani, malume! Chakufa chimatuluka madzi? Zaka ziwiri mwakhala pakhondepo mukundiona ndikudutsa ndi ndowa. Kungondifunsa kokha kunakuvutani?"