Nsalu Imene Azakhali Anachapa

M'mawa uliwonse azakhali anga amasesa bwalo lawo, kenako n'kupitirira kusesa la aneba, eni ake asanatsegule n'komwe chitseko. Pamzere wathu wa nyumba, womwe uli m'mphepete mwa mtsinje, amangowatchula kuti Anaukhondo.

Chaka chatha kunabwera oyeza malo ndi droni, kandege kojambula zithunzi kali m'mwamba. Ankafuna kudziwa nyumba zimene madzi osefukira angamize, kuti eni ake apatsidwe malo kumtunda mvula isanayambe. Pabwalo la azakhali anakhomerapo nsalu ya mabokosi akuda ndi oyera.

"Mayi, droni ikajambula nsaluyi pomwe ilipa, tidziwa kuti malo ano ndi otsika bwanji," anatero mtsikana amene ankaiyendetsa. "Chonde isasunthe."

Kutacha, abakha anali ataipondaponda ndi matope, n'kusiyapo zitosi.

"Ndege ijambule zitosi pakhomo panga?" anatero azakhali. "A ku ofesi aziti kuno kumakhala munthu wanji?"

"Isiyeni, mayi," anayankha akalipentala, aneba athu, ali pakhonde pawo. "Ndegeyo ilibe mphuno."

Azakhali anazula misomali, n'kuchapa nsaluyo, n'kuiyanika padenga la bafa. Ankati ikauma aibwezera. Droni inadutsa nsaluyo isanaume, ndipo ndinawaona akuibayibitsa, akumwetulira.

Patapita masabata mtsikana uja anabwera ndi mapu. Pamapupo, nyumba za anthu ofunika kusamuka zinali zopakidwa utoto wofiira. Pamzere wathu panalibe utoto uliwonse.

"Pazithunzi nsalu ya pano tinaipeza ili padenga, ndiye miyezo ya mzere wonsewu yasokonekera," anatero. "Sitingalembe zongoganizira. Tidzabwera kudzajambulanso, koma droni yapita kumitsinje ina mpaka mvula itatha."

Anthu a mizere ina anayamba kufunsa za malo awo atsopano. Ife tinalibe chofunsa. Palibe amene anakalipa. Akalipentala, omwe akazi awo anali ndi khanda, anayang'ana mitambo imene inali itayamba kuda.

"Palibe kanthu," anatero. "Madzi akabwera adzapeza pakhomo poyera."

Ena anaseka pang'ono. Azakhali anangowerama, akupotokola nsonga ya mpango wawo. Madzulo amenewo sanadye.

M'mawa mwake anatenga fosholo ndi matumba akale a simenti, n'kutsetserekera kumtsinje. Thumba loyamba la mchenga wotchingira madzi anakalitula pakhomo pa akalipentala, osagogoda, n'kubwerera kukasenza lina.