Mayi wa Mapale wa ku Zanesville

Tsiku la maliro a amayi ake, Darlene Hupp ananyamula mtsuko wa maluwa umene agogo ake anaujambula pamanja kalekale, mafakitale a zoumba a mumzinda uno wa Zanesville asanatsekedwe. Anaunyamulira pa chogwirira, chinthu chimene mwana aliyense wa kuno amaletsedwa. Chogwirira chinatsala m'manja, mtsuko pansi phwaa!

"Iwe, unakulira kuti?" analira mkulu wake Roberta. "Chokhacho chimene agogo anatisiyira!"

Kuyambira pamenepo, akangoona choumba manja ake ankanjenjemera. Ntchito yake yopukuta zoumba zakale m'sitolo inathera pomwepo. Ngakhale khofi ankamwera m'kapu ya pulasitiki. Mantha ndi oipa, abale.

Anayamba kupita kumadzala kumene mafakitale aja ankataya zoumba zolakwika, n'kumatola mapale, chifukwa chosweka kale sichinkamuopsa. Anthu ankamuseka kuti, "Mayi wa mapale uja wadutsa!" Iye ankangolumikiza ndi guluu, kulakwitsa, kumatula, kuyambiranso. Patapita zaka, osonkhanitsa zoumba zakale anayamba kumubweretsera zosweka zawo. Koma chathunthu sankachikhudza.

Tsiku lina Vernon, wogulitsa zakale, anamuikira patebulo mtsuko wobiriwira wopanda mng'alu.

"Utembenuzeni, mayi. Ojambula ankasiya zilembo za maina awo kunsi. Ngati zili za agogo anu, mtsukowu ndi wanu. Apo ayi, mawa ndikugulitsa."

"Tembenuzani ndinu, bambo."

"Ine? Ndangodya nkhuku, manja ali noninoni. Mukufuna ndiuphwanye?"

Darlene anayandikira mtsukowo. Kuugwetsa kukanakhala kutaya agogo kachiwiri, kuusiya kukanakhalanso kuwataya. Anayang'ana chogwirira, n'kuchileka. Dzanja limodzi analowetsa pansi, lina pamimba pa mtsuko. Manja ananjenjemera ndithu, koma anautembenuza. Zilembo za agogo ake zinali pomwepo, zolembedwa dongo likadali lofewa.

Anaunyamula yekha mpaka pakhomo pa Roberta.

"Ndiwe waunyamula?" anafunsa mkuluyo, misozi ili mbwee.

"Landirani msanga, achemwali, ndisanaugwetse!"

Lero Darlene amaphunzitsa ena kukonza zoumba zakale, koma manja ake sanasiye kunjenjemera. Inunso musadikire kuti mantha athe kaye. Gwirani ndi manja awiri, mukunjenjemera momwemo, ndipo mtima musautaye.