Mpando umene anapatsa Neema

Ndinaganiza zochoka tsiku limene anatenga chipinda changa chophunzitsiramo n'kuikamo matumba a ufa wa phala. Ndinali nditaphunzitsa ana osamva zaka zisanu ndi ziwiri pasukulu ina ya pulayimale kwathu, ndipo chaka chilichonse ankatilonjeza kuti ofesi ya maphunziro ilemba munthu woyang'anira ana olumala m'sukulu zonse za m'dera lathu. Mpandowo unkangothera pakamwa. Ahedi anati, "Aphunzitsi, ana anuwa ndi ochepa, akhoza kumaphunzirira pakhonde." Nditaweruka ndinaimbira amalume anga, amene anakhazikika ku Dar es Salaam ine ndisanabadwe. Anangoti, "Bwera, Alinafe. Pogona palipo, zantchito tidzaonera konkuno."

Amalume amasoka zovala ku Mbagala, pakhonde la nyumba yawo. Kumeneko ndinakapeza msuweni wanga Neema, wobadwira komweko, wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anali atangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chiswahili, ndipo akayesa chathu ankachita ngati akuponda pamiyala yoterera. Tinkagona chipinda chimodzi. Ndi iye amene anandipezera ntchito ku mpingo wina umene unali ndi sukulu zisanu, kuyambira ku Mbagala mpaka ku Tandale, ofesi yake yaikulu ili ku Mikocheni. Anandilemba ngati wothandizira chabe. Malipiro anali ochepa poyerekeza ndi a anzanga, komabe ankaposa a kwathu, moti mayi anga anafolera nyumba ndi malata chaka choyamba chomwecho.

Chaka chimenecho ndinasungulumwa kwambiri. M'daladala, minibasi ya kumeneko, kondakitala ankakuwa mayina a malo, ine n'kumangoyang'ana zikwangwani kuti ndisapitirire. M'chipinda cha aphunzitsi anthu ankaseka, ine n'kumasekerera mochedwa. Okhawo amene ndinkacheza nawo momasuka anali ana osamva. Chinenero chawo cha manja n'chosiyana ndi chathu, koma ndinachigwira msanga kuposa Chiswahili. Mayi akandiimbira ndinkati zonse zili bwino, chifukwa ndinkadziwa kuti foni aika poti anansi azimva.

Ntchito yeniyeni ndinaiyamba popanda wondituma. Ndinaona kuti m'sukulu zisanuzo munalibe amene ankadziwa kuti ana ovutika kumva, kuona kapena kuyenda alipo angati, ndipo akhala pati m'kalasi. Ndinayenda kalasi ndi kalasi n'kuwalemba mayina. Ndinapempha ahedi onse kuti andipatse mphunzitsi mmodzimmodzi woti ndizimuphunzitsa Loweruka. Ku Tandale tinkalowa m'tinjira topanikizana kuseri kwa msika, kufunafuna ana amene makolo awo ankawatsekera m'nyumba akamapita kukagulitsa. Ndikuti tinkalowa chifukwa Neema ankandiperekeza, kuti azimasulira zimene ndikunena. Ine ndinkalankhula, iye n'kumatembenuza, kwinaku akulemba m'kabuku kake. Mayi wina amene mwana wake wamkazi anayamba sukulu ali ndi zaka khumi anabwera ndi nsalu yatsopano kudzathokoza. Anandidutsa ine n'kukamuveka Neema. Ndinaseka nawo, koma ndimakumbukirabe mtundu wa nsaluyo.

M'chaka changa chachinayi, akuluakulu a mpingo anati ntchitoyi yakula, pakufunika mkulu woiyang'anira m'sukulu zonse. Kumeneko amati mkurugenzi. Ndinalemba kalata yofunsira mpandowo, Neema n'kundikonzera Chiswahili chake. M'mawa wa tsiku la mafunso ndinamupeza akusita diresi lake labuluu.

"Ukupita kuti?" ndinamufunsa.

"Komweko, dada," anatero, kunditchula achemwali m'Chiswahili, osandiyang'ana. "Akuluakulu anandiuza kuti nanenso ndilembe. Ndinaopa kukuuzani."

Tinakwera daladala imodzi mpaka ku Mikocheni osalankhulana. Pamafunsopo ine anandifunsa za chiphaso changa chogwirira ntchito ndiponso ngati ndingathe kuimirira pamaso pa akuluakulu a boma n'kulankhula popanda womasulira. Za ana anandifunsa funso limodzi. Patapita masabata awiri, dzina la Neema linali pachitseko.

Lero ndikhoza kuvomera kuti sanalakwitse kwenikweni. Ntchito imeneyo inkafuna munthu wokakamiza ahedi, wolemba makalata, wodziwa ofesi yoyenera kugogoda, ndipo Neema ankazitha. M'miyezi itatu anapeza zimene ine ndinapempha zaka zitatu: anamanga potsetsereka polowera njinga za olumala m'sukulu ziwiri, ndipo analemba mphunzitsi wa ana osaona. Koma nthawi imeneyo chilichonse chimene chinkamuyendera chinkandiwawa. M'mawa bajaji ya ofesi, njinga yamoto ya matayala atatu, inkabwera kudzamutenga pakhomo. Ankati, "Tiyeni, dada, malo alipo," ine n'kunama kuti ndili ndi podutsira, n'kukaima padzuwa kudikira daladala. Pamisonkhano ankafotokoza dongosolo langa ndi mawu osalala, anthu n'kuomba m'manja, ine ndili kumbuyo ndikuwerenga zimene waiwala. Ankatchula dzina langa nthawi zonse, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinalibe pomudandaulira.

Mayi anga atamva anati, "Si zabwino zimenezo? Mpando wakhala m'banja mwathu." Ndinakhala mwezi osawaimbira.

Chinthu chimodzi ndimachita nacho manyazi. Ahedi a ku Tandale sankafuna kuti ana osamva azikhala m'kalasi limodzi ndi anzawo, ndipo ndinamva kwa mphunzitsi wina kuti akonza makolo oti akatsutse pamsonkhano. Ndinadziwa masiku anayi msonkhano usanachitike. Neema sindinamuuze. Anakaimirira kutsogolo osakonzeka, makolo n'kumukuwiza, mpaka mawu anamuthera. Ndinamva kukoma, sindibisa. Koma zotsatira zake ana asanu ndi awiri anabwezedwa kunyumba teremu yonse, ena mwa iwo ndinawatulutsa m'nyumba ndine ndemwe.

Neema anadziwa. Anandipeza ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu akuthyokathyoka.

"Dada, inu mukwiye ine. Ine ndi wamkulu, nditha kulira n'kusiya. Ana aja sanalembe kalata ya ntchito."

Tinagwira limodzi ntchito yowabwezeretsa anawo, ndipo anabwerera onse kupatula mmodzi amene banja lake linasamuka. Chiphaso changa chitatsala pang'ono kutha, Neema anasaina kalata yoti achiwonjezere nthawi n'kuisiya pabedi langa. Sindinakaipereke, ndinasankha kubwerera kwathu. Amalume anandiperekeza kokwerera basi. Anati, "Mwana wanga, ine ndasoka kuno zaka zonsezi, masuti amavala ena. Iwe zakukanika, ndipo sindikukuimba mlandu."

Ndinafika kwathu ndili ndi chikhulupiriro chakuti kuno munthu amamudziwa ndi ntchito yake. Patangopita miyezi iwiri, ofesi ya maphunziro inalengezadi mpando uja wa woyang'anira ana olumala. Pamafunso tinalipo anayi. Mmodzi anali mayi Chimwaza, mphunzitsi wamkulu kwa ine, amene zaka zonse ndinali ku Dar es Salaam ankayenda pa njinga yakapalasa m'midzi, kuphunzitsa ana osamva ndi osaona pansi pa mitengo ndi m'matchalitchi, popanda chipinda kapena ndalama ya ulendo. Iwo anawasunga mphindi khumi. Ine anandisunga ola lathunthu, akufunsa kuti ku Tanzania amachita bwanji. Ndinawafotokozera za potsetsereka ndi za mphunzitsi wa ana osaona, osanena kuti anazipeza ndani. Mpando anandipatsa ine, pamodzi ndi njinga yamoto.

Sabata yoyamba ndinaitanitsa aphunzitsi a sukulu zonse za m'deralo kuti tigawane ntchito. Mayi Chimwaza anakhala kumbuyo, manja atapinda. Nditafunsa kuti ana amene sabwera kusukulu ali m'midzi iti, aliyense anacheukira kwa iwo. Anayankha mwaulemu kuti aiwala. Ndinadziwa kuti sanaiwale, ndipo ndinadziwanso mmene mtima wawo unkawawira. Apa m'pamene ndinaona kuti kwathu nakonso kuli ndi anthu ake amene sikuwaona: kunkandilemekeza chifukwa ndinachoka, ndipo amene anatsala n'kugwira ntchito ankaoneka ngati mipando ya m'kalasi.

Msonkhano utatha ndinawatsatira pamene anaimika njinga yawo.

"Amayi, mpandowu unali wanu. Ndikudziwa, ndipo nanunso mukudziwa."

Anandifunsa kuti, "Ndiye mundipatsa?"

"Ayi," ndinatero. "Ndikuufuna. Koma popanda inu sindifika kwa mwana ndi mmodzi yemwe."

Anamangirira chikwama chawo pakaliyala pang'onopang'ono, n'kukwera.

"Lachinayi mubwere mamawa," anatero. "Njinga yamotoyo muisiye. Kumene tikupitako kulibe mlatho."