Chitseko cha Kubafa

Chivomerezi chinandipeza ndili m'bafa, sopo ali kumaso. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Darlington mumzinda wa Mutare, m'nyumba imene bambo anga anagula atapuma ntchito ya panjanji. Unali m'mawa, ndikukonzekera ku sukulu. Poyamba ndinayesa ndi lole yochokera ku Paulington, chifukwa malole akamadutsa mawindo athu ankanjenjemera. Kenako madzi anayamba kukhavuka okha m'ndowa, khoma n'kung'aluka, njerwa ina n'kugwera pafupi ndi phazi langa. Ndinakoka chitseko koma chinakana. Felemu inali itapotoka.

Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Anthu onse anali atathawira pabwalo. Woyamba kutuluka anali bambo, mwini banja, atakumbatira wailesi yawo ngati khanda. Amayi ndi amene anawerenga ana n'kupeza kuti mmodzi palibe. Analowanso ndi khasu, anathyola loko, n'kunditulutsa ndili mbulanda pamaso pa anthu a mumsewu wathu wonse.

Palibe nyumba imene inagwa, palibe amene anamwalira, ndipo pakutha pa sabata anthu anali atabwerera ku madandaulo a mitengo ya shuga. Bambo anakonza loko. Nkhani yawo yokha ndi imene inkanenepa Lamlungu lililonse pabwalo la tchalitchi.

"Ine ndinangoti aliyense akhale phee," ankatero. "Munthu wa panjanji kugwedezeka amakudziwa."

Ine m'bafa sindinalowenso. Ndinkangoti ndikaona chitseko chija, ndinkabwerera. Ndinayamba kukodza pogona, msinkhu wonse uja. Ku sukulu lole ikadutsa ndinkalumpha mabenchi kuthamangira panja, ndipo aphunzitsi ankandikwapula chifukwa chosokoneza kalasi. Anzanga atazindikira, ankagwedeza desiki langa ndi mawondo kuti aone liwiro.

Apa ndi pamene akatswiri anatulukira. Azakhali anga, mlongo wa bambo, ankachapa m'nyumba ya dokotala wina ku Morningside, ndiye ankadziyesa theka la dokotala. Anandikoka chikope, anayang'ana lilime, n'kunena kuti mizimu ya makolo athu ku Malawi yakwiya chifukwa palibe amene anapitako kukasesa kumanda. Eniakewo ku Malawi anali asanapondeko, ankangokudziwa pa mapu. Anapita nane kuphiri kwa mneneri wa mpingo wa mapositori, amene anatipatsa botolo la madzi muli timiyala titatu. Anati ndikasambe madziwo m'bafa momwemo, chitseko nditatseka. Madziwo anathirira ndiwo kudimba.

Akuluampingo nawo anabwera atatu. Anandigwira mutu n'kuyamba kupemphera mokuwa, uku akundigwedeza kuti choipacho chituluke. Mwana woopa kugwedezeka, anthu akuluakulu ovala mataye n'kumamugwedeza. Ndinasanza pa nsapato za mmodzi wa iwo, ndipo onse anakondwa kuti chatuluka.

"Mwanayu akungofuna kuonedwa," anatero bambo tsiku lina tikudya. "Ine ndinalipo, bwanji sindikukodza pogona?"

"Inu munali pabwalo ndi wailesi," amayi anayankha osadzutsa maso.

Bambo anatsokomola, n'kupempha mchere.

Patatha miyezi iwiri, amayi anandikokera ku kiliniki, bambo akutsatira m'mbuyo kuti akamve okha kuti palibe matenda. Namwino anali mayi wonenepa wotopa, wolankhula Chishona chofulumira. Iye yekha ndi amene anandifunsa ine mwini chimene chinachitika. Ndinafotokoza zonse, za njerwa, za chitseko, za kukuwa popanda woyankha. Amayi analira, chifukwa zina anali asanazimve.

"Mwana wanu alibe chiwanda, baba," anatero namwinoyo. "Ali ndi mantha. Thupi lake likuyesa kuti akadali m'bafa muja. Zimachitika kwa ana pambuyo pa zoopsa."

"Ndiye mantha nawo asanduka matenda? Mankhwala ake ndi ati?"

"Lekani kumukalipira, lekani kumuseka. Akafuna kufotokoza, mumvereni. M'bafamo abwereremo pang'onopang'ono, wina ali pafupi."

Bambo anatuluka akung'ung'udza kuti ulendo wonse uja sitinapatsidwe ngakhale panado.

Titafika kunyumba amayi sanafunse munthu. Anatenga sikuludiraiva m'bokosi la bambo, anazula chitseko cha kubafa, n'kupachikapo chitenje chakale. Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo. Lachitatu ndinalowetsa mapazi. Pakutha pa mwezi ndinkasamba, amayi atakhala pa ndowa kuseri kwa chitenje akusenda mbatata, akundifunsa za ku sukulu kuti ndizimva mawu awo. Anapitanso okha kwa aphunzitsi aja. Sindidziwa zimene anawauza, koma kuyambira pamenepo ndinkakhala pafupi ndi khomo la kalasi, ndipo ndodo sinandikhudzenso.

Amene anavutika ndi bambo. Chitenjecho chinali chopyapyala, ndipo mphepo ya ku Mutare sidziwa ulemu. Tsiku lina azakhali aja anabwera kudzationa, mphepo n'kukweza nsalu, n'kuona zimene sanayenera kuona kwa mchimwene wawo. Anabwerera pomwepo osamwa ndi tiyi yemwe.

"Mayi ake, chitseko chibwerere lero!" anakuwa bambo ali m'katimo.

"Chibwerera mwana akanena," amayi anatero. "Pakadali pano muziimba, anthu azidziwa kuti mulimo."

Ndipo anaimbadi. Munthu amene ku tchalitchi ankangogwedeza milomo anayamba kutulutsa nyimbo za m'buku m'mawa uliwonse, mawu ake ngati ngolo yosowa girisi. Ana a nyumba zoyandikana ankadziwa nthawi ya sukulu ndi vesi lachiwiri.

Kukodza pogona kunatha isanafike Khirisimasi. Kulumpha malole akadutsa kunatenga chaka china, ndipo mpaka pano kumandibwererabe pang'ono ndikatopa. Tsiku limene ndinanena kuti chitseko chikhoza kubwerera, bambo anakachifuna kuseri kwa nyumba n'kupeza amayi anachisanja kale pa njerwa, akugulitsirapo tomato ndi anyezi. Anakana kuchibweza. Anati malonda anali atachizolowera.