Phazi la Kudzanja Lodyera

Fungo la masau oyanika padzuwa limandibwezera kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Feira, chaka chimene a sisi Esinati ankakwatiwa. Inali nyengo ya mphepo, fumbi linkalowa mpaka m'mano, ndipo kuchokera kumtsinje kunkabwera kafungo ka nsomba zowamba. Tikaweruka kusukulu, ana osankhidwa kuvina kutsogolo kwa mkwatibwi tinkandanda pamenepo opanda nsapato, wailesi ya kaseti ili pampando. A sisi ndi alamu ankayeserera kumapeto kwa mzere.

Malo anga pamzerewo ndinkawafuna ndi mtima wonse. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi a sisi. Ukwati ukatha ankapita kukakhala ku Lusaka, ine n'kutsala ndi azakhali. Njira ina yowaperekezera ndinalibe.

Wotiphunzitsa anali a matroni, mkazi wa kalaliki wa paboma, wamawu ngati belu la pasukulu. Masitepe awo sanali ovuta: phazi lamanja patsogolo, lamanzere n'kulitsata, kubwerera m'mbuyo, kenako kupotoza chiuno pang'ono. Ataona kuti zoti "raiti" ndi "lefuti" zikutisokoneza, anapeza njira yachidule.

"Muziyamba na mwendo wa ku kwanja kwamene mudyela nako," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka.

Apo m'pamene anandiphera. Ine ndine wamanzere. Pamaso pa anthu ndinkadya ndi dzanja lamanja poopa mthiko wa azakhali, koma tikakhala awiri m'khitchini a sisi ankatseka chitseko n'kundisiya ndidye ndi dzanja langa lenileni. Choncho nyimbo ikangoyamba, mutu unkati kumanja, thupi n'kupita kumanzere. Ndinkagundana ndi mnzanga wapambali, mzere wonse n'kupindika, a matroni n'kuzimitsa wailesi akudandaula za mabatire.

Ndinayesetsa. Ndinkayeserera panjira yokatunga madzi, ndinamanga kansalu kuchala cha phazi lamanja, mwendowo ndinautsina mpaka kutupa kuti ndiziukumbukira. Ng'oma ikangolira m'kasetimo, zonse zinkauluka. Kufotokoza sindikanatha, chifukwa ndikanaulula za m'khitchini muja, a sisi n'kukalipiridwa. Sabata ya ukwati a matroni anandichotsa, diresi langa n'kupatsidwa mwana wina. A sisi anandipepesera, koma anayankhidwa kuti ukwati si masanje. Ndinalira mpaka mutu kuwawa.

Tsikulo ndinaima pakhomo la holo, nditapanikizika pakati pa zitenje za azimayi. Mzere unadutsa bwinobwino popanda ine. Kenako anatulukira a sisi ndi alamu, ndipo atafika pamene ndinaimapo, a sisi anaponya phazi lamanzere. Anagundana mapewa ndi alamu, anthu anaseka, a matroni anagwira kumutu. Anavina motero mpaka kukafika patebulo laulemu, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinkaona ngati ndawapatsira umbuli wanga monga mmene timapatsirana chimfine. M'mawa mwake basi inawatenga, ine n'kuyamba kudya ndi dzanja lamanja tsiku lililonse. Panapita zaka zambiri ndisanakumbukire kuti masiku onse aja kuseri kwa holo, a sisi sanaphonyepo sitepe ngakhale kamodzi.