Achikulire olema nkhondo

Achikulire a jasi la usilikali kuno ku Tembwe, chibwerereni ku nkhondo ya ku Bama, salola kuti mawu akuti "kulema" aziseweretsedwa. Munthu akachoka kumunda n'kunena kuti walema, iwo amaseka: "Iwe watopa chabe, ukagona zitha. Kulema n'kwa nkhondo, sikuchoka ndi tulo." Anyamata amawajeda kuti ndi amantha.

Chaka chino mtsinje utafafaniza malire a madimba, mabanja awiri anatulutsirana nkhwangwa. Achikulirewo anakakhala pansi pakati pawo.

"Robson mphwanga, yamba kutema ine," iwo anauza mwamuna wa banja limodzi amene anali patsogolo. "Manje ndinalema, sindithawa."

Robson anatsitsa nkhwangwa, enawonso chimodzimodzi. Malire anaikidwa pomwe achikulirewo anakhalapo, ndipo iwo amangodandaula kuti panali linthumbu.