Zimene Ndinauza Mwana Wanga za Buku la Tenesi

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala, nthawi ili 3 koloko masana, pamene amayi aphunzitsi anatseka buku lija ndi kunena kuti latha. Tinali mu holo ya welofeya ku Matero, titakhala pa mabenchi, malata akuthetheka ndi dzuwa. Dziko linali lidakali m'manja mwa azungu, ndipo ine ndinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wosayamba n'kuyenda komwe.

Kalabu yathu ya amayi inkakumana Loweruka lililonse. Tinkaphunzira kusoka, kuluka ndi kuphika masikono, ndipo ola lomaliza linali la buku. Amayi aphunzitsi, amene amuna awo ankaphunzitsa pasukulu ya mishoni, ankawerenga ndime imodzi m'Chingelezi, kenaka n'kutimasulira m'Chinyanja. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, choncho Chingelezi changa chinali cha pa zitini ndi pa matumba a ufa. Mabuku ambiri anali a ukhondo ndi a kaleredwe ka ana. Ili linabwera mwangozi, m'bokosi la mabuku akale limene dona wina anapereka ku holo. Linali la moyo wa mayi wina wakuda wa kutsidya kwa nyanja, katswiri wa tenesi, amene anagonjetsa azungu pa masewera awo omwe. Pachikuto panali chithunzi chake atalumpha m'mwamba, chomenyera mpira chili m'manja, kasiketi koyera kakulekeza pamwamba pa mawondo.

Lamulo la kalabu linali lakuti buku likatha, aliyense aimirire anene maganizo ake, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Tsiku limenelo panalinso choti tigamule: bukuli lipite ku gulu la atsikana limene linkakumana Lachitatu, kapena libwerere m'bokosi. Amayi aphunzitsi anajambula mzere pakati pa bolodi. Wofuna kuti lipite, choko kumanja. Wokana, choko kumanzere.

Wamng'ono pa onse ndinali ine, ndipo manyazi anga ankadziwika mzere wathu wonse wa nyumba. Pamsika akandiikira tomato woola ndinkangolandira, kuopa kutsegula pakamwa. Mabuku ena onse akatha, mwana ankandipulumutsa. Ankalira, ine n'kutuluka kukamuyamwitsa kuseri, pobwera n'kupeza anthu akupinda nsalu. Tsiku ili anagona tulo tofa nato kumsana kwanga.

Koma choopsa sichinali manyazi okha. Pa benchi ya kutsogolo panali apongozi anga, amayi a amuna anga. Tinkakhala m'nyumba mwawo, ya kanselo, ya zipinda ziwiri, podikira kuti tipatsidwe yathu. Iwo anachokera ku Nyasalande kalekale, kutsatira amuna awo amene anali mmisiri womanga, ndipo mwambo anabwera nawo wonse, osasiyako kanthu. Bukuli analida kuyambira tsiku limene anaona chikuto. Ine ndinalikonda kwambiri, moti ndinkaliganiza potunga madzi pampopi. Tsono mtengwa satsutsa apongozi ake pa anthu. Amene watero amabwezedwa kwa makolo ake kuti akamulangenso, ndipo ine ndinali nditaona mnzanga wina akukwera basi ndi kamtolo kake pa mlandu wochepera pamenepa. Ndikanena zoona, ndikanatha kubwerera kwathu ku Kalingalinga ndi manyazi pa mayi anga. Ndikanama, ndikanakana ndi pakamwa panga chinthu chimene chinandikoma mtima.

Anayamba ndi amayi okalamba kwambiri, amene ankabwera ku kalabu makamaka chifukwa cha tiyi.

"Ine theka la bukuli ndinagona," anatero. "Koma nthawi zonse ndikadzuka ndinkapeza mwanayo wapambana. Ndiye palibe choipa. Lipite."

Kenaka anaimirira apongozi, zoluka zili m'manja.

"Ine kuyambira tsamba loyamba ndakhala ndikufunsa, mwana ameneyu ankaphika nthawi yanji? Mbale ankatsuka ndani? Amake akumuitana, iye ali kuseri kwa nyumba, akumenya kampira kukhoma ndi thabwa. Wakula, banja alibe, mwana alibe, ali ndi zikho. Tsiku limene adzadwale, chikho chidzamuphikira phala? Ndiye taonani ntchafuzo. Atsikana athu akaona zimenezi, mawa tiwapeza pamsika atavula. Libwerere m'bokosi, ndipo wina akhalire bokosilo."

Ambiri anavomereza ndi mitu. Choko chinapita kumanzere.

Amake mapasa, amene ankachapa zovala kwa azungu kumayadi ndipo Chinyanja chawo chinali cha m'tauni chenicheni, anaimirira manja ali m'chiuno.

"Ine vovala va tenesi nivoziba, nimachapa. Vimayenda voyera, vimabwera vofiira na dothi, manja aya ni mboni. Manje uyu wolemba wakamba va makapu, va ndeke, va mafumu, koma amene anali kumuchapira sanamukambe olo kamodzi. Buku ya boza iyi."

"Ndiye ndilembe kumanzere?" anafunsa amayi aphunzitsi.

"Awe, lembani uku. Ipite chabe. Batsikana bamveko kuti bazungu nabo bamaluza."

Amayi ena Achisilamu, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi siteshoni ya basi, ananena motsitsa mawu kuti iwo chinawagwira mtima ndi chakuti mayiyo anakwera sitima ya pamadzi yekha, popanda womuperekeza. "Ine kungopita ku Kanyama ndimapempha chilolezo kwa anthu angapo. Bukuli ndalikonda. Koma mwana wanga asalione." Choko kumanzere. Amayi ena anati sakhulupirira kuti munthu wamkulu angatchuke chifukwa cha kampira kangati ndimu, azungu anangolemba kuti atiseke. Ena anati wolembayo anatalikitsa nkhani ya masewera, iwo ankafuna kumva ngati panali mwamuna amene anamufunsira. Anthu anatsutsana, anaseka, wina anatchula mnzake kuti wachikale, mnzakeyo n'kumuyankha kuti bola wachikale wovala.

Pamene onse anatha, amayi aphunzitsi anayang'ana bolodi n'kuseka. Mbali ziwiri zija zinali zofanana. Anatembenuka, ndipo holo yonse inatembenuka nawo.

"Watsala ndi iwe, mwanawe."

Ndinagwedeza msana pang'ono kuti mwina mwana adzuke. Sanadzuke. Ndinaimirira, n'kuyang'ana pansi.

"Kamba, mwana, sitiluma," anatero amake mapasa.

"Musiyeni, uyo ni bubu, sakamba," wina anatero kumbuyo, anthu n'kuseka.

Apongozi sanatembenuke. Anali akuluka, singano zikungogundana.

Kunyumba, ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso kawirikawiri. Iwo akafuna kanthu ankauza mwana: "Uwauze amako kuti madzi atha." Ine n'kuyankha, "Uwauze ambuya ako kuti ndikupita." Amayi onse m'holomo ankaidziwa njira imeneyi, ambiri anakwatiwa nayo. Mawu opita kwa khanda sanyoza munthu. Sindinachite kukonzekera. Ndinangoona kuti ndagwada pasimenti, ndikumasula chitenje.

"Lamulo ni kuimirira," wina anatero.

"Musiyeni," anatero amayi aphunzitsi.

Ndinamuika mwana pamiyendo, nkhope yake kwa ine, ndipo ndinayang'ana iye yekha.

"Iwe, dzuka," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "Pita ukawauze ambuya ako kuti zimene anena ndi zoona. Siketiyo ndi yaifupi. Mbale sanatsuke, ndipo pamenepo anawalakwira amake. Koma ukawafunse ngati akukumbukira tsiku lija tinapita ku butchala ya m'tauni, iwe uli kumsana. Tinaima padzuwa pa kawindo ka kumbali, kudikira kuti madona athe kugula mkati. Pobwerera ambuya ako anati, ndidzafa ndisanapondemo m'sitolo muja. Mayi wa m'bukuyu nayenso anamudyetsa kuseri kwa khitchini, tsiku lomwe anawagonjetsa onse. Sanatukwane munthu. Kulankhula pa anthu sankatha, ngati amako. Anangobweranso, n'kupambananso, n'kubweranso, mpaka eni akewo anachita manyazi n'kumutsegulira khomo la kutsogolo."

Mwana anatsegula maso n'kundigwira mphuno. Ndinachotsa kadzanjako n'kupitiriza, chifukwa ndinadziwa kuti ndikaima sindiyambanso.

"Ukawauze kuti ine sindikufuna kuti udzamenye mpira. Ndikufuna udzamve kuti khomo lija limatseguka. Kuti udzamve iwe, ayambe amva akulu ako a Lachitatu. Chithunzicho tikhoza kuchikuta ndi pepala la khaki, atsikana amve nkhani, ntchafu asaone. Ngati ndalakwa, ambuya ako akandilange kunyumba. Ndatha."

Kunja kunkamveka munthu akukhoma chinachake. Singano za apongozi zinali zitaima.

Anaika zoluka pa benchi, n'kutembenuka, n'kutambasula manja.

"Bwera kuno, iwe."

Ndinayenda chogwada n'kuwapatsira mwana ndi manja awiri. Anamukhazika pa bondo n'kumuyang'ana m'maso ngati munthu wamkulu.

"Uwauze amako kuti ndamva. Mawu a ku butchala ndinanenadi. Koma uwauzenso kuti ine maganizo sindisintha, choko changa chikhale pomwe chili. Ndipo iweyo, ukadzavala kasiketi kotero ine ndili moyo, ndidzakusokera saka m'munsi mpaka ku akakolo."

Holo inaphulika. Amake mapasa anaimba nthungululu, amayi okalamba aja n'kudzidzimuka kufunsa ngati tiyi wafika. Amayi aphunzitsi anakanda choko kumanja, kenaka anatuma munthu kukafuna pepala la khaki ku ofesi. Bukulo analikuta pomwepo, ndipo anandipatsa ine kuti ndipinde m'makona.

Panjira yobwerera apongozi sanandibwezere mwana. Anamubereka okha, n'kumayenda patsogolo, ine pambuyo nditanyamula zoluka zawo. Mawu akuti ndamva amanenedwa ndi munthu wokhululuka, amanenedwanso ndi munthu amene akudikira kuti afike kunyumba. Ndinayamba kuganiza zovala zimene ndingatenge, ndi mmene ndingawafotokozere mayi anga.

Titafika ndinakoleza mbaula, ndinatunga madzi, ndinakhala kuseri kwa nyumba kusadzula chibwabwa, masamba a maungu. Dzuwa linali litapendeka. Ndipamene ndinamva mawu a apongozi kumpanda, akulankhula ndi amayi a nyumba yoyandikana nayo, amene ku holo sanapite.

"Mumati mwana wanga anakwatira bubu. Mukadabwera lero mukadamva. Holo yonse zii, ngakhale aphunzitsi omwe kukamwa yasa. Mwana wa Sitandade 2! Ndipo anagwada. Sanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Kwawo analangidwa uyu."

"Nanga si ndamva kuti wakutsutsani pa anthu?"

"Wanditsutsa ndani? Iye amalankhula ndi mwana wake. Munthu asalankhule ndi mwana wake?"

Misozi inagwera mu lichero, koma ndinkaseka. Pa chakudya apongozi sananene kanthu za ku holo. Anangondikankhira mbale ya ndiwo, n'kuuza mwana wawo, amuna anga, kuti asamalize zonse ngati ali yekha.

M'mawa mwake, Lamlungu, ndinadzuka kusanache bwino. Ndinasesa pabwalo, ndinawatenthetsera apongozi madzi osamba, ndinagwada pakhomo la chipinda chawo. Mwana anali kumsana, koma sindinamumasule.

"Amayi," ndinatero, "ndimapempha ndipiteko ku bwalo la tenesi la azungu ogwira ntchito kunjanji. Amati amasewera m'mawa dzuwa lisanakule. Dzulo ndalankhula za tenesi, koma ine sindinaionepo."



"Ukaone ntchafu za madona?"

"Ndikaone mpira, amayi."

"Mwana umuveke chipewa. Ubwere belu la kutchalitchi lisanalire."

Ndinayenda wapansi msewu wa m'tauni, fumbi lidakali lozizira, mpaka ndinafika pa mpanda wa waya. Mkati munali madona awiri, ukonde uli pakati pawo. Mpirawo unali waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo unkathamanga moti maso ankatsalira. Mlonda anandiyang'ana, ine ndinamupatsa moni, ndipo sindinachoke. Ndinamasula mwana n'kumunyamula paphewa kuti naye aone. Tinaima pamenepo mpaka madona aja anagwirana chanza pamwamba pa ukonde. Amene anapambana sindinamudziwe. Ndinaberekanso mwana n'kuyamba ulendo wa ku Matero mothamanga, kuti belu lisandipeze panjira.